Mapu a ku Tokyo pamsewu wa ku Nyika

Ma Prado ndi ma Pajero ambiri amene timaitanitsa ku Japan amabwera ndi sikirini yokongola pa dashibodi, koma mapu ake ndi a Tokyo ndi Osaka, zolemba n'za Chijapani, ndipo wailesi yake nthawi zambiri imathera pa 90 MHz, n'chifukwa chake masiteshoni ambiri akuno samveka. Kuichotsa n'kwanzeru, koma osangotola ya Android iliyonse poti yawala m'shopu. Ine choyamba kufunsa wogulitsa n'chakuti, kodi mapu amasungika m'kati mwake? Ku Nyika, mukadutsa chipata cha Thazima kulowera ku Chelinda, netiweki ya foni imakutayani panjira, pomwe GPS imangodalira masetilaiti. Choncho pafunika malo okwanira kuikamo pulogalamu ya mapu ngati OsmAnd kapena Tracks4Africa; mapu a Tracks4Africa anachokera m'njira zomwe apaulendo anadutsamodi ndi magalimoto awo. Yezaninso bowo la dashibodi: la double DIN ndi pafupifupi 180 mm mulifupi, koma la Toyota zambiri ndi 200 mm. Za timagetsi tosinthasintha mitundu sindiziwerengera n'komwe. Chomwe ndimaumirira n'choti woikayo amange zolimba mawaya ndi eriyo ya GPS, chifukwa mabampu a msewu wafumbi amazula chilichonse chomata ndi tepi.