PA BENCHI: Kakaseti ka ku Japan kamusowetsa tulo msuweni wanga

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya msuweni wanga amene amagulitsa zamagetsi zakale mu Limbe. Dzina ndisunga, paja nsima ndimadya kwawo.

Mwezi watha mkuluyu adaoda katoni ya katundu wakale wochokera ku Japan: marimoti, machaja, timawailesi tosalankhula. Pansi penipeni adapezamo kakaseti ka gemu kolembedwa Chijapani, dzina lokha ndiye limawerengeka: Dragon Quest III. Mnyamata wa pa benchi yoyandikana adamuonetsa pa foni kuti mu 2021 kaseti ya Super Mario Bros. idagulidwa madola 2 miliyoni ku America. Basi, mutu wa msuweni udazungulira pompo. Madzulo ake bambo wina adafuna kupereka K20,000, iye adakana. Usiku foni kwa ine: "Asuweni, inu olemba nyuzi tandifufuzireni. Mwina umphawi wanditsanzika."

Ndidafufuza, paja safunsa adadya phula.

Dragon Quest ndi mtundu wa gemu umene amati RPG. Wosewera amasanduka mwini nkhani: amayenda m'midzi, kumenya zilombo, kugula zida, mpaka masabata nkhani isanathe. Yoyamba idatuluka mu 1986 ku kampani ya Enix. Adaiyambitsa ndi Yuji Horii, ndipo zithunzi adajambula ndi Akira Toriyama, yemwe uja wa Dragon Ball, amene adamwalira mu 2024. Yachitatu, ya msuweniyi, idatuluka pa 10 February 1988, yoseweredwa pa makina a Nintendo otchedwa Famicom. Tsikulo anthu adandanda pa mizere italiitali, ana kujomba kusukulu mpaka apolisi kulowererapo. Makaseti oposa 3 miliyoni adagulidwa ku Japan kokha.

Apa ndiye pagona nkhani. Amayi a tomato, tandiuzani: nthawi imene aliyense wabwera ndi dengu lodzadza, mulu umakhala pa bwanji? Kaseti ya msuweni ndi tomato wa nthawi yotero. Ndi yotchuka zedi, koma ili mbwee. M'masitolo a zakale ku Akihabara, mu mzinda wa Tokyo, kaseti yotere yopanda bokosi amaigulitsa motchipa.

Tsono taonani inzake. Gemu ya Mother 2 idatuluka ku Japan mu 1994, ndipo mu 1995 idapita ku America ndi dzina loti EarthBound, m'chibokosi chachikulu chokhala ndi buku lolangiza kaseweredwe. Kumeneko malonda sadayende, makaseti adagulidwa ochepa. Patapita zaka anthu adayamba kuifuna, katundu kulibe. Lero kaseti ya ku America yokhayokha imadya madola mazana angapo, ya m'bokosi ndi buku lake kuposa apo kutalitali, pomwe ya Chijapani, nkhani yake yomweyo, ndi yotchipa. Ukale pawokha si mtengo ayi. Mtengo umabwera katundu akasowa koma omufuna ali ambiri.

Osunga magemuwa amayang'ananso zina. Choyamba, kodi bokosi ndi kabuku kake zilipo? Chachiwiri, chipepala cha pamwamba chidang'ambika kapena kufufuma ndi dzuwa? Chachitatu, kabatire. M'kati mwa kaseti ya Dragon Quest III muli kabatire kosunga pamene wosewera walekezera, ndipo patatha zaka zoposa 35 kambiri kadafa. Chachinayi, ndi yeniyeni kodi? Akathyali amapanga zonamizira, choncho odziwa amatsegula n'kuona m'kati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo makaseti aja tinkasewera tili ana, olembedwa kuti muli magemu 9999, musavutike nawo, si a Nintendo.

Nanga ya madola 2 miliyoni ija? Imeneyo idali yosatsegulidwa chitulukire ku fakitale. Komanso mitengo ya 2021 idautsa mapiri pachigwa. Mu 2022 ogula ena ku America adakasumira kampani ya Wata, imene imayesa makasetiwa n'kuwapatsa mamalikisi, ati idathandiza kukweza mitengo mwachinyengo. Kuchokera nthawi imeneyo mitengo yambiri idatsika.

Nditamufotokozera zonsezi, msuweni adakhala duu. Kenaka mwakachetechete: "Kabokosi kanalipo, asuweni, ndi kabuku komwe. Alamu anu adayatsira mbaula." Abale inu! Chinthu chokhacho chimene chikadakwezako mtengo chidaphikira nyemba. Bambo wa K20,000 uja sadabwerenso, ndipo kakaseti kali pa benchi kudya fumbi.

Ndiye anzanga otsegula mabelo ndi makatoni, mukapeza zoterezi musataye bokosi, musaziike padzuwa, musazipukute ndi madzi. Fufuzani mtengo umene anthu adaguliradi, osati umene wina akutchula pa intaneti, pakuti kutchula mtengo n'kwaulere. Ndipo kasitomala akabwera ndi ndalama yooneka, kumbukirani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tionana sabata ya mawa, Chauta akalola. Geni iyende.