Injini ikakana kulira, musathamangire kuiphwasula

Mvula ikangoyamba kugwa mu Novembala, kapinga sachedwa kufika m'mawondo. Apa m'pamene ambiri amatulutsa makina otchetchera omwe anagula kwa munthu wina, n'kukoka chingwe mpaka phewa kuwawa, injini ili zii. Ena amayamba kudandaula kuti anawagulitsa chinthu chakufa. Ine ndimati kuona maso a nkhono n'kudekha: makina ambiri otere amadzuka osagula chitsulo chodula.

Yambani ndi petulo. Wakuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo akagona m'thanki chilimwe chonse amaonongeka, n'kusiya utomoni m'kabuleta. Mukhuthuleni yense. Masulani kambale kapansi pa kabuleta, mupezamo timadontho ta madzi ndi zonanda zachikasu. Tsukani ndi petulo watsopano, kabowo kodutsa mafuta mukatsegule ndi kawaya kopyapyala, koma osakakulitsa.

Kenako masulani pulagi. Ikakhala yakuda ndi mwaye ipaleni ndi burashi yawaya, ikakhala yonyowa iumitseni. Pa injini zambiri za Briggs & Stratton ndi Honda mpata wa kumutu kwake umakhala mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Ibwezereni pawaya wake, muigunditse pachitsulo cha injini, mnzanu akoke chingwe atafinya chogwirira cha buleki. Moto wabuluu ukathetheka, magetsi ali bwino. Onaninso sefa ya mpweya, chifukwa fumbi la mu Okutobala limaitseka.

Chingwe chikamakubwezani mwamphamvu pokoka, n'kutheka kuti mpeni unagunda mwala kapena chitsa, kakiyi ka flywheel n'kuduka, moto n'kumabwera nthawi yolakwika. Kakiyiko n'kotchipa, koma kuchotsa flywheel asiyireni amakaniko.

Chonde, musagwire mpeni musanazule waya wa pulagi, zala siziphuka. Popendeketsa makinawo, mbali ya sefa iloze kumwamba kuti oyilo asalowe m'kabuleta. Oyiloyo musintheni musanayambe ntchito, pakuti simudziwa kuti mwini wake woyamba anamuthira liti.

Makinawa ndi mpamba kwa achinyamata ambiri otchetcha m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'makomo, choncho ndi ofunika kuwasamala. Mvula ikatha mu Epulo, ilizeni injini mpaka petulo atheretu, kenako muisunge pouma.