Kambalame kamene kamadzisandutsa bango

Kakowa tonse timam'dziwa: woyela mbee, amatsatila ng'ombe osaopa munthu. Koma ali na m'bale wake wamng'ono amene ambili a ise sitinamuonepo. M'mabuku a mbalame amamucha little bittern. Ni kambalame kolingana na nkhunda, kokhala m'mabango a m'madambo na m'mbali mwa madamu. Kakamuna ni kakuda pamutu na kumsana, ndipo kakauluka mumaona cigamba coyelelako pa phiko lililonse. Kakakazi ni kabulauni, ka mizelemizele, kofanana na bango louma.

Kakamva munthu, kambili sikathawa. Kamatambasula khosi, kuloza mlomo kumwamba, n'kuima njii, moti mungapite pafupi osadziwa kuti pali maso awili akukuyang'anani. Kamayenda mogwila mapesi a bango na zala zake zitalizitali, ndipo kakauluka, kamangodutsa pamwamba pa nsonga n'kugwelanso mkati. Kuti mukaone, khalani cete m'mamawa kapena cakumadzulo, pamene kamasaka tunsomba, acule na tudoyo. Zina mwa mbalamezi zimakhala kuno caka conse. Zina zimacokela ku Ulaya m'nyengo ya mvula, ulendo umene ise timaulotela cabe.

Manje vuto ni ili: kuima njii kungapusitse kabawi, koma sikungaimitse tipa yodzala zidutswa za mabuloko. Mu Lusaka tikaona dambo timati, "Apa palibe ciliconse, ni puloti." Timatentha bango, kuthila dothi, n'kuyamba maziko. Sitikukana, lendi ikutipweteka ndipo aliyense afuna pake. Koma dambo ndiye pamene madzi a mvula amakhala n'kumalowa pansi pang'onopang'ono. Tikalitseka amafuna kwina kopita, ndipo a ku Kanyama amadziwa mmene zimakhalila madzi akalowa m'nyumba usiku.

Kafue Flats inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1991. Kadambo ka kuseli kwa komboni yathu kalibe pepala lililonse, ndipo palibe amene angakakambile ku khonsolo ngati sitidziwa n'komwe cokhalamo. Conco dambo lisanapimidwe mapuloti, tipiteko na foni dzuwa likamalowa, tikajambule. Kambalameka kakakana kuonekela, tikachele khutu: nthawi yoswana, kakamuna kamalila motsika, mobwelezabweleza, monga galu wouwa kutali.