Chiswe cha m'nyanja chisakhale chifukwa chodetsera madzi

Aliyense amene nyumba yake inalowapo chiswe amadziwa kuti mtanda umaoneka wabwinobwino mpaka tsiku limene denga lagwa. Anthu okhala m'mbali mwa nyanja zamchere ali ndi mdani wofanana naye, amene akatswiri amamutcha Teredo navalis.

Kachilomboka kamaoneka ngati nyongolotsi, koma ndi ka mtundu wa nkhono za zigoba ziwiri. Tizigoba take tili kumutu, ndipo nditimene kamapalira thabwa. Kamalowa kakadali kakang'ono kwambiri, pa kabowo ngati ka singano, n'kumakulira m'kati momwemo. Mabakiteriya a m'thupi mwake ndiwo amakathandiza kugaya mtengo. Kunja nsanamira ili bwino, m'kati muli mphako zokhazokha.

Sitima zapamadzi ndizo zinakafalitsa padziko lonse, monga momwe namasupuni wa ku South America anafikira mu Shire chifukwa cha anthu. Cha m'ma 1731 kanafumbula mitengo ya zipupa zotchinga nyanja ku Netherlands, mpaka dzikolo linayamba kumangira miyala yogula kunja. Ku San Francisco, pakati pa 1919 ndi 1921, chilala chinachepetsa madzi a m'mitsinje, mchere unakwera m'gombe, ndipo madoko amatabwa anagwera m'madzi.

Koma nkhani yotikhudza ndi ya ku New York. Kwa zaka zambiri madzi a padoko la kumeneko anali oipa moti ngakhale kachilomboka sikankakhalamo. Lamulo loyeretsa madzi la 1972 litayamba kugwira ntchito, nsomba zinabwerera, tizilombo toboola mitengo natonso tinabwerera, ndipo mzindawo ukuwononga ndalama zambiri kukonza nsanamira.

Wina anganene kuti bola madzi akuda aja. Ife tikukana. Madzi amene akupha nkhono sangakhale abwino kwa mwana wosambamo, kapena kwa banja lodya nsomba zake. Ngakhale mankhwala a creosote, amene akhala akupakidwa pa mitengo ya padoko, amasungunukira m'madzi n'kuvulaza zamoyo.

Njira zina zilipo. Nsanamira amazikuta ndi simenti kapena pulasitiki, ndipo ngalawa ikatulutsidwa kumtunda n'kuuma bwino, kachilomboka kamafa. Chofunika kwambiri n'chakuti akuluakulu a madoko azilipira anthu omira m'madzi kuti aziyeza mitengo chaka ndi chaka, asanadutsepo ana opita kusukulu ndi amayi osenza nsomba.