Naruto atakumana ndi Nthondo mu minibasi ya ku Liwonde

Pali anthu amene akangomva kuti wina walemba nkhani yokhala ndi Naruto kapena Black Panther m'kati mwake, amangoti ndi kuba basi. Ena amati ndi ulesi, eti munthuyo walephera kupeka anthu akeake. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndikulankhula ngati munthu amene wangoyesa kumene kalembedwe kameneka.

Kwa amene simunamvepo, fan fiction ndi nkhani imene munthu amalemba pobwereka ampangankhani a m'buku kapena filimu imene amaikonda. Ikakhala crossover ndiye kuti wabwereka ku nkhani ziwiri zosiyana n'kuwakumanitsa. Ine ndinatenga Nthondo, uja wa m'buku la Samuel Josia Ntara la 1933 limene ambirife tinaliwerenga chifukwa choopa mayeso, ndi Naruto wa Masashi Kishimoto amene anayamba kutuluka ku Japan mu 1999. Ndinawakweza minibasi imodzi pa Balaka, ulendo wa ku Liwonde.

Mwina mukuti awiriwa akugwirizana pati. Taonani. Onse anakula opanda bambo. Onse anali ana ovuta, otopetsa mudzi wonse. Onse pamapeto anadzakhala atsogoleri: Nthondo analowa ufumu, Naruto anakhala Hokage. Kusiyana kwake n'koti Naruto ankaufuna utsogoleriwo kuyambira ali mwana, ankachita kulengeza pamsewu, pomwe Nthondo anafikako mozungulira, atadutsa m'kuba ndi m'kuyendayenda. Zimenezi sindinazione ndili mu kalasi. Ndinaziona nditawakhazika pa mpando umodzi, ndipo kuti ndizione bwino ndinachita kulifunanso buku lija n'kuliwerenga popanda mphunzitsi wondikakamiza. Ulesi wake ndi uti pamenepa?

Pomwe mutu unandizungulira ndi pa mawu awiri okha: iwe ndi inu. Naruto ndi mwana wopanda mantha, akuluakulu amawalankhula ngati anzake. Koma mu minibasi ya ku Balaka, mnyamata akanena kuti "iwe" kwa mfumu, nkhani yathera pomwepo. Amayi a dengu la tomato kumbuyo aja amudzudzula mpaka pa Mangochi Turn-off. Ukamulankhulitsa mwaulemu kwambiri, sakhalanso Naruto, wasanduka mwana wa kwaya. Ndinakhala masiku awiri pa chiganizo chimodzi. Pomaliza ndinamupatsa "inu" wachipongwe uja, wa "inuyo madala mwakalamba nazo izi", amene aliyense wa ife amamudziwa. Kondakitala naye ndinamulola kuponyamo Chiyao, chifukwa minibasi yowoloka Shire pa Kamuzu Barrage yopanda Chiyao ndi yabodza. Mavuto ngati amenewa wolemba m'Chingerezi sakumana nawo, ndipo ndi amene amakuphunzitsa Chichewa kuposa kuloweza mitundu ya aneni.

Komanso tisamaname ngati kubwerekaku kwabwera ndi mafoni. Agogo athu ankamutenga Kalulu n'kumuika pomwe afuna: lero ali ndi Fisi, mawa ali ndi Njovu, mkuja wafika kubwalo la mfumu. Palibe ankafunsa kuti mwini wake wa Kalulu ndani. Steve Chimombo anatenga Napolo wa m'phiri la Zomba n'kumulowetsa m'ndakatulo ndi m'mabuku ake. M'mavidiyo sho a pa Ntaja kapena pa Ulongwe, omasulira mafilimu m'Chichewa amawapatsa akatswiri a karate mayina a kwathu konkuno, ife n'kumaseka. Nanga nyimbo? Alleluya Band, Paul Banda ndi malemu Lucius Banda anatenga reggae ya ku Jamaica n'kuiphika mpaka anthu anayamba kuitchula kuti Balaka reggae. Sindinamvepo wina akuwanena kuti ndi akuba.

Pomwe odandaulawo ali ndi mfundo ndi pa ndalama. Naruto ali ndi eni ake, mabuku a olemba athu nawonso ali ndi eni ake, ndipo Malawi ili ndi lamulo la Copyright la 2016 komanso bungwe la COSOMA. Kulemba n'kugawana ndi anzako pa WhatsApp ndi nkhani ina, kuyamba kulipiritsa pa Airtel Money kuti munthu alandire gawo lachiwiri ndi inanso. Tchula mwini wa ampangankhaniwo pamwamba penipeni. Ukafuna kugulitsa, panga anthu ako. Ndi mmene E. L. James anachitira: Fifty Shades of Grey inayamba ngati fan fiction ya Twilight, ndipo anasintha mayina isanakhale buku la pamsika. China, anthu enieni asiyeni. Mtsikana wa m'kalasi mwanu kapena aphunzitsi anu si ampangankhani.

Chimene chimandiwawa ine ndi china. Nkhani zambiri zimene anzathu amalemba pafoni zimachitikira ku New York kapena ku Seoul, malo amene wolembayo amangowaona pa TikTok bandulo isanathe. Zotsatira zake nkhani imamveka ngati filimu yoonera pawindo la eni. Chonsecho munthuyo amadziwa bwino fungo la nsomba za ku Chilwa, kutentha kwa Balaka mu Okotobala, mkangano wa wakabaza ndi kasitomala pa nkhani ya chenji, sitima ya ku Nayuchi, mvuu zolira usiku pa Liwonde. Mlendoyo ndiye abwere kuno, avutike ndi zathu.

Ndipo obwereka ali mbwee, sanakhudzidwe n'komwe. Izeki ndi Jakobo alipo. A mu Zimachitika alipo. Nkhani yanga yachiwiri ndikufuna kambalame kaja ka mu Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, koulula wakupha poimba, kakumane ndi Sherlock Holmes. Ndikufuna ndione nkhope ya mkuluyo akadzazindikira kuti mlandu umene akuufufuza ndi galasi lake, kambalame kauimba kale pamtengo mudzi wonse ukumva.