CHINA: Nyimbo zamakolo zabwerera m'mizinda pomwe midzi yomwe inazibala ikutha anthu

Nyimbo zamakolo, zomwe zaka 50 zapitazo zinkatengedwa ngati zotsalira zoyenera kuthetsedwa m'dziko la China, lero zikumveka pa wailesi za kanema, m'mabwalo a zisangalalo ndi pa mafoni a achinyamata. Koma kubwereraku kukuchitikira m'mizinda, pansi pa diso la boma ndi la makampani, pomwe midzi yomwe inabala nyimbozi ikutha anthu.

M'chaka cha 1978, anthu osakwana 20 pa 100 alionse a m'dzikolo ndiwo ankakhala m'mizinda. Pofika 2011 chiwerengerochi chinali chitapitirira theka, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti chafika pafupifupi 64 pa 100 alionse. Nyimbo zambiri zakale zinali za pantchito: za amuna okoka mabwato ndi zingwe m'mphepete mwa mtsinje wa Yangtze, za abusa ndi alimi oyankhana kuchokera phiri lina kufika linzake, za pamaliro ndi paukwati. Mabwato a injini atabwera ndipo achinyamata atapita kukagwira ntchito m'mafakitale, nyimbozo zinasowa poimbidwira.

Mwambo wakale wotolera nyimbo

Aka si koyamba kuti akuluakulu a m'mizinda atembenukire ku nyimbo za kumudzi. Buku la Shijing, lomwe ndi lakale kwambiri mwa mabuku a ndakatulo a ku China, lili ndi ndakatulo 305 za zaka zoposa 2,500 zapitazo, ndipo 160 mwa izo zili m'gawo la nyimbo zochokera m'zigawo zosiyanasiyana. M'nthawi ya ufumu wa Han, mfumu Wu inakulitsa nthambi ya zoimbaimba yotchedwa Yuefu, yomwe ina mwa ntchito zake inali kusonkhanitsa nyimbo za anthu wamba. Chikhulupiriro chinali chakuti wolamulira amadziwa zakukhosi kwa anthu ake pomva zomwe akuimba.

Mwambowu unadzukanso mu 1918, pomwe aphunzitsi a pa yunivesite ya Peking, kuphatikizapo Liu Bannong, anapempha anthu m'dziko lonse kuti atumize nyimbo za kwawo. Chipani cha Chikomyunizimu chinapitiriza ntchitoyi ndi cholinga china. Polankhula ku Yan'an mu 1942, Mao Zedong analamula kuti luso litumikire alimi, apantchito ndi asilikali. Maimbidwe a kumudzi anasungidwa koma mawu anasinthidwa: nyimbo yotamanda Mao ya Dongfang Hong inamangidwa pa maimbidwe a alimi a kumpoto kwa chigawo cha Shaanxi.

Kutolera nyimboku kunapulumutsa zina zomwe zikanatayika. Mu 1950 katswiri Yang Yinliu anajambula nyimbo zisanu ndi imodzi za Abing, woimba wosaona wa m'misewu ya mzinda wa Wuxi, miyezi yochepa mwini wakeyo asanamwalire. Imodzi mwa izo, Erquan Yingyue, ndi nyimbo yodziwika kwambiri ya erhu, choimbira cha nsambo ziwiri chokhwekhweza ndi uta. Koma pakati pa 1966 ndi 1976, m'nyengo ya chipwirikiti chofuna kusintha chikhalidwe cha dziko, miyambo ya kumakachisi inaletsedwa, zoimbira zambiri zinaonongedwa ndipo oimba ena anazunzidwa.

Magitala a m'mizinda

Anthu a ku China amasiyanitsa mitundu iwiri ya nyimbozi. Minge ndi nyimbo zakale za kumudzi zomwe wozipeka sadziwika. Minyao, monga momwe dzinali likugwiritsidwira ntchito masiku ano, ndi nyimbo zatsopano zopekedwa ndi munthu wodziwika, amene kawirikawiri amaimba ndi gitala. Mtundu wachiwiriwu ndiwo wakopa kwambiri omvera achinyamata.

Gwero lake lina lili pa chilumba cha Taiwan, komwe m'zaka za m'ma 1970 ophunzira a m'makoleji anayamba kupeka nyimbo m'chinenero chawo m'malo moimba za ku America. Kumtunda, chimbale cha Xiaoyuan Minyao chomwe chinatuluka mu 1994 chinatchukitsa woimba Lao Lang ndi nyimbo zokumbukira moyo wa pasukulu. Gulu la Ye Haizi, lomwe anayambitsa mu 1995 anyamata awiri a ku Lanzhou, linatenga njira ina: linayenda m'midzi ya kumpoto chakumadzulo kukaphunzira maimbidwe a kumeneko. Malo omwera omwe gululi linatsegula ku Beijing mu 2001 anasanduka pokumanira oimba amtunduwu kufikira pomwe anatsekedwa mu 2003.

Mipikisano ya pa wailesi ya kanema ndiyo inafikitsa minyao kwa anthu miyandamiyanda. Mu 2017 Zhao Lei anaimba nyimbo yake ya Chengdu pa wailesi ya kanema ya Hunan, ndipo msewu womwe nyimboyo imatchula unayamba kudzaza ndi alendo. Mu 2020 gulu la Wutiaoren, lomwe limaimba nyimbo zina m'chilankhulo cha ku Haifeng, m'chigawo cha Guangdong, linatchuka dziko lonse. Nkhani za m'nyimbozi n'zofanana: kulakalaka kumudzi, moyo wa lendi, chikondi chotha chifukwa cha mtunda. Ambiri mwa omvera ndi anthu omwe anachoka kwawo, kapena ana awo. Tinganene kuti kusamuka komwe kunafooketsa nyimbo za kumudzi ndi komwenso kwapereka msika ku nyimbo zolira mudziwo.

Boma lilowererapo

Nazo nyimbo zenizeni zamakolo zapeza mtetezi, yemwe ndi boma. Bungwe la UNESCO linavomereza guqin, choimbira chakale cha nsambo zisanu ndi ziwiri, ngati chuma cha anthu onse mu 2003. Mu 2005 linavomerezanso Muqam ya mtundu wa Uyghur ndi nyimbo zazitali za mtundu wa Mongol, chaka chomwecho chimene linavomereza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, Vimbuza, Makishi komanso Timbila ya Achopi. Mu 2009 panawonjezeka nyimbo za kwaya za mtundu wa Dong ndi hua'er, nyimbo zoyankhana za m'zigawo za Gansu, Qinghai ndi Ningxia.

Dziko la China linatulutsa mndandanda wake woyamba wa miyambo 518 yoyenera kutetezedwa mu 2006, ndipo mu 2011 linakhazikitsa lamulo la nkhaniyi. Akatswiri osankhidwa amapatsidwa udindo wa olowa m'malo a mwambo, ndipo amalandira thandizo la ndalama chaka ndi chaka kuti aphunzitse ena. Mu 2006 wailesi ya kanema ya boma ya CCTV inatsegula gawo la oimba a kumudzi osaphunzira kusukulu za nyimbo pa mpikisano wake wa oimba achinyamata. Pa intaneti, makanema a achinyamata ovala zovala zamakedzana akuimba guqin ndi guzheng akhala akuonedwa ndi anthu ochuluka pa Bilibili ndi Douyin. Choimbira chomwe chinkaoneka ngati tsabola wakale tsopano chikuphunzitsidwa m'sukulu zolipira.

Chitetezochi chili ndi mtengo wake. Nyimbo ya hua'er pa chikondwerero cha kuphiri imapekedwa nthawi yomweyo, mwamuna ndi mkazi akuyankhana, ndipo mawu ake nthawi zina amakhala achikondi chosabisa. Ikafika pa nsanja ya alendo imafupikitsidwa, mawu amayeretsedwa ndipo woimba amabwereza zomwe analoweza. Udindo wa wolowa m'malo umakwezanso munthu mmodzi pa mwambo womwe unali wa mudzi wonse.

Malire a zomwe zingaimbidwe

Boma lomwe likuteteza nyimbozi ndi lomwenso likuika malire. Mu Epulo 2019 nyimbo za Li Zhi, mmodzi mwa oimba minyao otchuka, zinachotsedwa pa intaneti ya m'dzikolo, kutangotsala milungu yochepa kuti pakwane zaka 30 chichitikireni kuphedwa kwa ochita zionetsero za ku Tiananmen mu 1989, nkhani yomwe zina mwa nyimbo zake zimakhudza.

Ku Xinjiang zinthu zafika poipa kwambiri. Pomwe Muqam ikuonetsedwa pa nsanja za boma, woimba wotchuka Abdurehim Heyit anatsekeredwa mu 2017. Rahile Dawut, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Xinjiang amene anathera zaka zambiri akujambula miyambo ya mtundu wa Uyghur, anasowa chaka chomwecho, ndipo mu 2023 bungwe la Dui Hua linalengeza kuti anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Zomwe zikuchitika ku China zikusonyeza kuti kuchuluka kwa omvera sikutsimikiza kuti mwambo uli moyo. Zojambulidwa zilipo zambiri kuposa kale, ndalama zikuperekedwa, ndipo achinyamata sachitanso manyazi ndi zoimbira za makolo awo. Chomwe chikuchepa ndi nthawi ndi malo omwe anthu wamba ankapekera nyimbo zatsopano popanda wowasankhira mawu. Maiko a m'chigawo chino omwe miyambo yawo ili pa mndandanda womwewo wa UNESCO akukumana ndi funso lofanana, lakuti chithandizo chipite ku nsanja za zionetsero kapena ku midzi komwe mwambo umaphunziridwa. Ku China yankho lidzadziwika pamene akatswiri omwe anaphunzira nyimbozi ali ana kumunda adzakhale atapita, n'kutsala ophunzira awo a m'kalasi.