Chamba si fodya: tisapulule masamba mbewu ikadali yanthete

Alimi anzathu, dzinja lapitali tidayendera munda wina wa chamba chovomerezeka kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Eni munda ndi alimi a kopaletivu omwe adasonkherana ndalama zogulira chiphaso, ndipo aganyu ambiri ndi anyamata a ku Mtandire amene amalawirira m'bandakucha panjinga. Zomwe tidaona zidatimvetsa chisoni. Mbewu yosafika ndi m'mawondo momwe idali itathyoledwa masamba onse akuluakulu aja okhala ngati chikhatho, kwangotsala kansonga. Titafunsa, wina adati ndi momwe amachitira ndi fodya kumudzi kwawo. Mnzake adatulutsa foni n'kutionetsa vidiyo ya mlimi wakunja akupulula masamba m'chipinda choyaka magetsi. Anyamatawa sitikuwadzudzula ayi. Palibe adawaphunzitsa.

Ife tikuti mbewu ikadali yanthete, masamba ake asakhudzidwe. Pa fodya, tsamba ndiye ndalama. Timalithyola likakhwima, kulipachika m'chigafa, kenako ulendo wa ku okushoni ku Kanengo. Pa chamba, ndalama ili m'maluwa, m'njere kapena m'luzi la tsinde, ndipo tsamba lalikulu lija ndiye khitchini ya mbewu. Ndi mmene chakudya chimapangidwa kuchokera ku dzuwa, mpweya ndi madzi. Ndi nkhokwenso: nthaka ikaperewera nayitirojeni, mbewu imasamutsa chakudya kuchoka m'masamba akale kupita ku nsonga, n'chifukwa chake apansi ndiwo amayamba kuchita chikasu. Mukalichotsa likadali lobiriwira, mwataya feteleza amene mudagula ndi ngongole, ndipo mwasiya bala lomwe nthawi ya mvula limalowetsa matenda.

Palinso china chimene mavidiyo aja sanena. Mlimi wa m'chipinda amayatsa magetsi maola 18 patsiku kuti mbewu izingokula osachita maluwa, ndiye akathyola masamba ali ndi nthawi yodikira kuti aphukenso. Kuno ku Lilongwe usana sutalika kwenikweni kupitirira maola 13 ngakhale mu Disembala. Mitundu yambiri yochokera kunja ikaona usiku wautali chotere imathamangira kuchita maluwa ikadali yaifupi. Masabata okulira ndi ochepa, choncho tsamba lililonse ndi lofunika.

Nanga tsamba lichotsedwe liti? Chotsani lomwe lauma, lomwe lagwidwa ndi matenda, ndi lomwe likukhudza dothi, ndipo muzikalitaya kutali ndi munda. Ngati mukulima chamba cha mankhwala chofuna maluwa, dikirani mbewu ikule, ichite nthambi, ifike poyamba maluwa. Pamenepo mungathe kupatulira masamba ochepa a m'kati kuti mphepo izidutsa, poti chinyontho chikatsekeredwa maluwa amachita nkhungu n'kuola. Chitani pang'onopang'ono, tsiku louma, ndi sizasi yotsuka bwino, osati kupulula ndi manja ngati chigwada. Ngati mukulima cha luzi kapena cha njere za mafuta, musavutike n'komwe: chimabzalidwa mothithikana ndipo masamba apansi amayoyoka okha. Kulipira aganyu kuti awathyole n'kutaya ndalama kawiri.

Koma tisanamizane, vuto lenileni si tsamba. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale mu Febuluwale 2020, ndipo bungwe la Cannabis Regulatory Authority lidakhazikitsidwa kuti lizipereka ziphaso. Mitengo yomwe idalengezedwa chaka chimenecho idali madola 10,000 a ku America pa chamba cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale. Mlimi wa kopaletivu amene adagulitsa mbuzi kuti aponyepo gawo lake sayenera kuphunzira ulimiwu pa foni ya mnzake. Enafe tidagwirapo ntchito ya ulangizi, ndipo m'kalasi tidaphunzira chimanga, fodya, mtedza ndi thonje. Chamba sitidachiphunzire, chifukwa nthawi imeneyo kuchitchula kokha idali nkhani ya apolisi.

Ukadaulo ulipo m'dziko momwe muno. Kafukufuku wa chamba cha m'mafakitale adayamba pa Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, mu 2015. Kuchokera ku Mtandire ndi ulendo wa njinga chabe. Tikupempha Unduna wa Zamalimidwe ndi bungwe lopereka ziphaso kuti zotsatira za kafukufukuyo zilembedwe m'Chichewa, m'kabuku koti mlimi angakapinde m'thumba. Kuti alangizi a m'madera momwe muli makopaletivu aphunzitsidwe. Komanso kuti pakhale tsiku lachionetsero pomwe aganyu nawonso aitanidwe, poti manja okhudza mbewu ndi awo.

Kwa achinyamata a ku Mtandire, Chinsapo ndi Mgona tikuti: kubzala chamba kuseri kwa nyumba popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo nkhani ino si chilolezo. Koma amene mwalembedwa ntchito m'minda yovomerezeka, funsani musanathyole. Safunsa adadya phula. Ndipo inu akuluakulu a makopaletivu, musanatume munthu m'munda, yambani mwalowamo nokha, mumuonetse tsamba loyenera kuchoka ndi loyenera kutsala.